Atsibweni ndi Munthu Wotsokomola wa mu Galamafoni

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha atsibweni anga, a Gidiyoni Mbewe, kumudzi kwathu kuseri kwa Kabudula. Abusa analalikira bwino, kwaya inaimba, masipika analira mpaka mbuzi za kutsidya kwa dambo zinaleka kudya. Ine ndinaima kumbuyo ndikudziuza kuti mwiniwake akanati adzuke, choyamba akanapita kukazimitsa jenereta. Anthu anandiyamikira kuti ndine amene ndinagula matailosi a pachilizapo, ena mpaka kundigwira chanza kawiri. Ndinkangoyankha kuti zikomo, koma mumtima ndikudziwa kuti matailosi aja ndinawagula chifukwa cha manyazi. Atsibweni ndinawalakwira, ndipo anapita ndisanawauze.

Kwa munthu wina aliyense, chimene ndinachitacho sichikanakhala mlandu woti n'kulembera pepala. Choncho ndiyambe ndanena kuti iwo anali munthu wotani.

Anali mlongo wa amayi anga, mphunzitsi wa pulayimale wopuma pantchito, ndiponso kwa zaka zambiri woimbitsa kwaya ya mpingo wathu. Anali wamfupi, wa mutu waukulu, woyenda mothamanga ngati nthawi zonse achedwa belu. Koma m'dera lonse lija, kuyambira kwathu mpaka ku Nambuma, palibe amene ankawadziwa chifukwa cha choko kapena kwaya. Ankawadziwa kuti ndi mkulu uja womvera nyimbo za maliro. Nyimbozo mwiniwake ankazitcha simfoni: nyimbo zazitali za azungu zopanda mawu, zoimbidwa ndi chikhamu cha anthu, ena mavayolini, ena zitoliro, ena malipenga ndi ng'oma, imodzi yokha kutenga nthawi yoti munthu n'kupalira mizere ingapo. Kwathu kuno nyimbo zotere tinkazimva pawailesi pokhapokha kukamwalira munthu wamkulu m'boma. Ndiye anthu akamadutsa pamsewu n'kuzimva zikuchokera kwa a Mbewe, ankatsika panjinga, kuvula chipewa, n'kufunsa kuti kodi watisiya ndani. Atsibweni ankatuluka n'kuwauza kuti palibe wafa, koma ngati apitiriza kulankhula pakhomopo afa ndi iwowo.

Matenda amenewa anawatenga ali mnyamata. Pa sukulu yophunzitsa aphunzitsi panali mzungu wina amene pobwerera kwawo anawapatsa galamafoni yake, nawauza kuti asankhenso mbale za nyimbo zokwana pa keliyala ya njinga basi. Munthu wina akanangotola zam'mwamba n'kumapita. Iwo anakhala masiku atatu pakhonde la mzunguyo, kumvetsera imodziimodzi, mpaka mwini nyumba anayamba kuopa kuti ndege imusiya. Nkhani imeneyi ankaikamba monyadira, ndipo sinkatha popanda kudandaula za mbale ina imene anaisiya molakwitsa. Zaka makumi anayi zitapita anali akuidandaulabe.

Matipati ambiri atabwera, kaunjika n'kusefukira m'tauni, atsibweni anapeza munda watsopano. M'mashopu ogulitsa katundu wakale wochokera kunja munkapezeka mbale za galamafoni zitaunjikidwa pakona, pakati pa nsapato ndi mapoto, popanda wozifuna. Akakolola mtedza ankakwera matola kupita ku Lilongwe, ndipo kangapo ndinawaperekeza chifukwa ndinali nditayamba ntchito komweko. Ndinkachita manyazi, ndisaname. Munthu wamkulu, wa jekete ndi tayi, atagwada pa simenti, akutulutsa mbale m'chikwama chake, kupita nayo pakhomo, kuipendeketsa padzuwa kuti aone zokanda, kenako kununkhiza chikwamacho ngati chinalowa chinyezi. Akatero ankavala magalasi n'kuwerenga timalemba ta kuseri tonse: woimbitsa ndani, gulu la mzinda uti, anajambulira m'holo muli anthu kapena m'chipinda chotseka. Ogulitsa ankatsinana. Ine ndinkaima patali, kunamizira kuyang'ana malamba.

Chimene chinkawazunguza mutu azakhali, akazi awo a Nabanda, n'choti bambowa ankagula nyimbo imene ali nayo kale. Simfoni imodzi yomweyo anali nayo kanayi. Azakhali ankafunsa kuti kodi imeneyi si ija yadzana, eti, nanga yasintha chiyani? Atsibweni ankayankha moleza, ngati akuphunzitsa Sitandade 2, kuti nyimbo ya m'buku ndi imodzi, nambala yake ndi imodzi, koma akaiimba a ku Mpingu ndi kuiimba a ku Nambuma sutuluka m'tchalitchi uli munthu yemweyo. Mawu amenewa ndinawamva kambirimbiri. Ndikunena izi kuti wina asadzanditeteze kuti sindinkadziwa.

Uphunzitsi sunawachoke. Anali ndi kope la ana asukulu ndi cholembera chofiira, ndipo mbale iliyonse inkalembedwa mayeso. Malikisi ankapereka pawiri. Oyamba anali a kaimbidwe: kodi anthuwa akuimba ndi mtima kapena akungothamangira kukaweruka, kodi woimbitsa akuwadikira a zitoliro kuti apume. Achiwiri anali a kamvekedwe: kodi wojambula mawu anaika makina ake pabwino, kodi ng'oma sizikukwirira mavayolini, kodi ukatsinzina ungaloze kuti malipenga akhala mbali iyi. Ankati mbale yoimbidwa bwino koma yojambulidwa moipa ili ngati ulaliki wabwino womvera panja pa zenera, pamene yojambulidwa bwino koma yoimbidwa mwaulesi ndi mlaliki wa suti yatsopano wopanda uthenga. Ukawafunsa kuti pa ziwirizi asankha chiyani, ankati aima pazenera, ngakhale kugwe mvula. Koma ankafulumira kuwonjezera kuti munthu wanzeru amayamba wafunafuna mpando m'kati.

Pa nkhani ya kamvekedwe m'pamene anakangana ndi ana awo. Ana atayamba kupeza bwino anagwirizana zofolera nyumba zonse za pakhomopo ndi malata. Nyumba yaikulu atsibweni analola. Koma kanyumba kawo komvera nyimbo, kozungulira, kaudzu, anakaniratu. Anati malata amabweza mawu ngati chidebe, dzuwa likatentha amathetheka, mvula ikagwa ndiye basi nyimbo yatha. Ana anadandaula kuti anthu aziti akulephera kusamala bambo awo. Iwo anati anthuwo abwere adzamve okha. Malata aja anakhala chaka chathunthu atatsamira mtengo wa mango, mpaka anakafolera khola la nkhumba, ndipo mwana wawo wamkulu anatha miyezi osawalankhula.

M'kanyumbamo zonse zinali ndi malo ake. Kukhoma anapachika ziguduli za fodya kuti mawu asamabwerere. Masipika awiri anakhala pa zitsa ziwiri za mtengo zodulidwa mofanana. Pansi, m'dothi lozira, anakhomera zitsekerero zinayi za mabotolo, ndipo miyendo ya mpando wawo inkayenera kuponda pomwepo, osati chala chimodzi kutsogolo kapena kumbuyo. Wosesa akasuntha mpando ankamva za tsiku limenelo. Magetsi kunalibe, choncho galamafoni inkayendera batire ya galimoto imene ankakatchajitsa pa njinga ku Kabudula. Batire ikayamba kufooka, mbale n'kumazungulira mwaulesi, ankazimitsa nthawi yomweyo ngakhale nyimbo ili pakati. Ankati kupitiriza n'kuwanamizira anthu osalakwa, chifukwa iwo sanaimbe choncho.

Sindikufuna kuwapaka mafuta. Atsibweni anali munthu wovuta. Ana a kwaya ambiri analirapo chifukwa cha iwo, ndipo mayi wina wa alito anasamukira mpingo wina atauzidwa pagulu kuti azingotsegula pakamwa osatulutsa mawu. Mpingo utagula kiyibodi ndi masipika akuluakulu, iwo anatula pansi udindo woimbitsa, n'kuyamba kukhala benchi lakumbuyo ataika thonje m'makutu, thonje lake looneka bwinobwino kuti aliyense adziwe. Akulu ampingo anawaitana kuti afotokoze. Iwo sanatsutse kanthu. Anangofunsa akuluwo mmodzimmodzi kuti Sabata lapitalo a tenala anaimba chiyani pa ndime yachiwiri. Palibe anayankha, chifukwa palibe anawamva. Mlandu unathera pomwepo, koma thonje silinachoke, ndipo kiyibodi nayo sinachoke.

Mayina achizungu a nyimbo zawo ankawadziwa onse, koma pakhomo ankazitchula ndi mayina awoawo. Inalipo Ya Ngolo, chifukwa inkayamba molemera ngati ng'ombe zikukoka pamchenga. Inalipo Ya Mvula Yoyamba. Ndipo inalipo Ya Nabanda, imene ndi mutu wa mlandu wanga.

Imeneyi ndi ija anali nayo kanayi. Mwa zinayizo, ina inali yoyera mawu kwambiri moti m'kope inapeza 9 pa kamvekedwe. Koma imene ankaika Lamlungu lililonse masana, akabwera ku tchalitchi, inali yakalekale, yojambulidwa m'holo modzaza anthu, yosokosera pansipansi ngati mafuta ali pamoto. Pa kamvekedwe anaipatsa 4. Pa kaimbidwe anaipatsa 10, ndipo m'kope monsemo 10 anali yekhayo. Chigawo chachiwiri cha nyimboyo chimayenda pang'onopang'ono, mavayolini n'kumatsika, kutsika, mpaka kutsala pang'ono kuzimiririka. Pamalo pomwepo, pamene holo yonse yagwira mpweya, munthu wina mwa omvera anatsokomola kawiri. Kho, kho. Wojambula sanathe kumuchotsa, ndipo anakhalamo mpaka kalekale.

Tsiku loyamba kuimva, azakhali anali pakhomo la kanyumbako akusenda mtedza. Anaganiza kuti m'katimo mwalowa mlendo, ndiye anati, "Mwani madzi, bambo." Atsibweni anaseka mpaka kubwezera singano poyambira, chinthu chimene sankachita. Kuyambira pamenepo unakhala mwambo. Mavayolini akayamba kutsika, atsibweni ankakweza chala m'mwamba. Mzungu wosadziwika uja ankatsokomola. Azakhali, kaya ali pakhomo, kaya ali kuseri akuulutsa chimanga, ankamuuza kuti amwe madzi. Kenako chala chinkatsika, nyimbo n'kupitirira. Azakhali sankazikonda nyimbo zimenezi, ankati zimawapatsa tulo, koma malo amenewo sanawaphonyepo. Ngakhale tsiku limene awiriwa akangana m'mawa, madzi aja ankaperekedwa ndithu, mwina mokalipa.

Azakhali atamwalira, atsibweni sanasiye kuika mbaleyo. Ndinakhalapo nawo Lamlungu lina. Chala chinakwera, munthu anatsokomola, ndipo chala chinakhalabe m'mwamba kwa kanthawi kokwana mawu atatu aja. Ndinafuna kuwanena ine, koma nditaona nkhope yawo ndinadziwa kuti malowo ali ndi mwini wake.

Kenako zinthu ziwiri zinafa motsatizana. Galamafoni inaduka lamba, singano nayo inali itatha, ndipo m'tauni monse simunapezeke zina. Khutu lawo lamanzere linagontha, ndipo kuchipatala anawauza mosabisa kuti lamanja likutsatira, mwina chaka, mwina osakwana. Mwana wawo wamkazi Esitere, msuweni wanga amene ankawasamala, ndiye anawauza kuti masiku ano nyimbo za m'mbale amatha kuzisamutsira pa kakhadi kolowetsa mu wailesi. Atsibweni anandiitanitsa. Ine, monga munthu wa m'tauni wodziwa zonse, ndinati zimenezo n'zosavuta, ndikudziwa munthu wake. Munthuyo ndinkamudziwadi.

Anandipatsa mbale imodzi yokha, Ya Nabanda yakale ija. Anati zinazo zidikire, nthawi imene yatsala ndi yokwana imeneyi. Anaikulunga m'chitenje cha azakhali, naigwira ndi manja awiri pondipatsa, ngati mmene timaperekera mwana wakhanda.

"Yona, iyende choimirira, isagone. Ndipo dzuwa lisaione."

Ndinati ndamva, atsibweni.

Unali mwezi wa Okutobala. M'galimoto munali matumba a chimanga ndi mtedza amene anandipatsa, ndiye poopa kuti mbale ingapanikizike ndinaigoneka pamwamba, kuseri kwa mpando wakumbuyo, pansi pa galasi. Ndinkaona ngati ndachita zanzeru. Pa Nsaru ndinaima kuti ndidye kanyenya, ndipo pachiwaya pomwepo ndinakumana ndi mnzanga wa ku sekondale. Anati mpira wayamba kumene pa kanema m'bala yapafupi, tingoonako pang'ono. Pang'onopo panakhala mpira wonse, ndi zokambirana zake za pambuyo. Pobwerera ku galimoto chitseko chinali chosagwirika ndi kutentha. Ndisanamasule n'komwe chitenje chija, manja anga anali atadziwa kale. Mbale inali itapindikapindika ngati tsamba la fodya louma.

Ndinayesa zopusa zonse. Ndinaitsindika ndi mabuku sabata yathunthu. Munthu wanga wa m'tauni uja anangoiyang'ana n'kupukusa mutu, nati singano singayendepo. Pomaliza ndinayesa kuiwongola ndi manja, ndipo inathyoka pakati. Ndinakhala pansi m'khitchini, zidutswa ziwiri zili m'manja.

Mpaka pamenepa inali ngozi, ndipo ngozi imakhululukidwa. Chotsatira ndicho ndinachita dala. Ndinakopera pakapepala dzina la wopeka nyimboyo ndi nambala yake, kenako zidutswa zija pamodzi ndi chikwama chake ndinakaziponya m'dzenje la zinyalala, kuti ndisazionenso. Timalemba ta kuseri, timene atsibweni ankagwadira pa simenti kuti awerenge, sindinatiyang'ane n'komwe. Kuntchito ndinalemba dzina ndi nambala pa kompyuta, ndipo panatuluka nyimbo yomweyo kambirimbiri, magulu osiyanasiyana. Ndinasankha yatsopano kwambiri, yomveka mbee, yopanda phokoso lililonse. Ndinadziuza kuti nyimbo ndi yomweyo, nambala ndi yomweyo, komanso munthu wa khutu limodzi lofooka angasiyanitse bwanji? Ndinafika podzitama mumtima kuti ndawachitira zabwino, ndawachotsera mafuta aja osokosera. Za munthu wotsokomola sindinakumbukire ngakhale pang'ono. Ine amene ndinakhala m'kanyumba kaja n'kuona chala chili m'mwamba.

Ndinapita nako kakhadiko Lamlungu, pamodzi ndi kawailesi katsopano. Atsibweni anavala jekete. Anakhala pampando wawo, miyendo yake ili pa zitsekerero, ngakhale kuti masipika a pazitsa sankagwiranso ntchito, ndipo kawailesi anakagwirizira pafupi ndi khutu lamanja. Ine ndinakhala pa mphasa. Nyimbo itangoyamba ndinaona nsidze zawo zikusuntha. Chigawo choyamba chinatha. Chachiwiri chinayamba, mavayolini anayamba kutsika, ndipo chala chinakwera.

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira. 

Mavayolini anatsika mpaka pansi, nakhala chete kanthawi, nakweranso bwinobwino. Palibe anatsokomola. Chala chinadikira, chinadikirabe, nyimbo n'kupita patali, kenako chinatsika pang'onopang'ono n'kukagona pabondo. Anamvetsera mpaka kumapeto, zigawo zonse zinayi, chifukwa sankadula anthu pakati popanda chifukwa. Itatha anazimitsa okha kawailesi.

"Zikomo, Yona. Wayenda ulendo wautali." Anapukuta magalasi awo. "Nanga mbale ija?"

"Ikadali kwa munthu uja, atsibweni. Ndidzabwera nayo."

Anandiyang'ana, osati mokwiya, koma mmene mphunzitsi amayang'anira mwana amene akudziwa yankho koma akuopa kulinena. Ndinawapatsa chitenje cha azakhali nditachipinda bwino. Anachilandira, nachiika pamiyendo. Za mbale sanafunsenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Munthu amene analiza mayi wa alito pagulu chifukwa cha noti imodzi, ine sanandidzudzule ndi liwu limodzi lomwe. Akanandikalipira bwenzi zitatha tsiku lomwelo.

Nditabwerera m'tauni ndinayesa kukonza mwakabisira. Ndinamvetsera chigawo chachiwiri cha magulu ambirimbiri, kusakasaka chifuwa cha munthu mmodzi. Ena ankatsokomola ndithu, koma pamalo ena. Popanda dzina la woimbitsa ndi mzinda wake zinali zosatheka, ndipo mayinawo ndinali nditawataya ndekha m'dzenje. Munthu mmodzi yekha padziko ndiye ankawadziwa pamtima. Chinkafunika n'kungoimba foni kwa Esitere, kumupempha kuti awapatsire, n'kunena kuti atsibweni, mbale ija ndinaiwononga, ndiuzeni mayina ndikufunireni ina. Ndinkati ndiimba mawa. Ndinkati ndidikire Khirisimasi tikaonane maso ndi maso. Pa Khirisimasi ndinatumiza shuga ndi sopo, ine n'kunamizira ntchito. Nthawi yonseyo ndinkadziwa bwinobwino kuti khutu lija silikudikira manyazi anga.

Pofika nyengo yokolola, Esitere anandiuza kuti bambo ake pafoni sakumvanso. Mwezi wozizira usanathe anali atagonthera kotheratu. Ndinapita kukawaona kamodzi. Tinkalankhulana pa sileti yakale ya ana asukulu: iwe kulemba, iwo kuyankha pakamwa mokweza kwambiri. Ndinalemba kuti muli bwanji. Anati ali bwino, kungoti dziko latseka chitseko. Kenako anafufuta okha ndi chikhato, nandibwezera sileti ndi choko, n'kumandiyang'ana. Ndinagwira choko nthawi yaitali. Ndinadziuza kuti tsopano zilibenso ntchito, ngakhale nditaipeza sangaimve. Ndinalemba kuti chimanga chachita bwino chaka chino. Anawerenga, nagwedeza mutu, nati inde, chachita bwino.

Anamwalira mvula isanayambe, patangotha chaka chimodzi chiperekereni mbale ija m'manja mwanga. Pamaliro ndinanyamula nawo bokosi, ndinalira ngati wina aliyense, ndipo anthu anati Yona ankawakonda atsibweni ake. N'zoona, ndinkawakonda. Ndinkangokonda kwambiri kuoneka wosalakwa pamaso pawo.

Loweruka lija, mwambo wa chiliza utatha, anthu akudya, Esitere anandikokera kuseri kwa nkhokwe. Anali ndi kope lija la malikisi m'manja. Anati analipeza posachedwa m'thumba la jekete la bambo ake, ndipo atawerenga tsamba lomaliza anaona kuti mwini wake ndine.

"Asuweni, ine sindikumvapo kanthu apa. Koma dzina ndi lanu."

Tsambalo linali lolembedwa ndi cholembera chofiira chomwe chija, zilembo zoima bwino za mphunzitsi wakale. Kakhadi kanga nako kanalembedwa mayeso. Kaimbidwe, 6. Kamvekedwe, 9. M'munsi mwake analemba kuti: Munthu uja sanatsokomole. Yona akadzafuna adzandiuza. Ndipo pansi pa mawu amenewo, m'zilembo zikuluzikulu kuti munthu asalakwitse pokopera, panali dzina la woimbitsa, dzina la gulu, mzinda ndi chaka. Anazikonzeratu. Ankangodikira kuti ndifunse, ang'ambe tsambalo andipatse. Tsiku la sileti lija kopelo liyenera kuti linali m'thumba la jekete limene anavala, pafupi ndi ine ngati apa ndi apo.

Ndinalemba mayinawo pa foni yanga kuti ndifufuze, nditatsamira nkhokwe. Sipanadutse ngakhale nthawi yowiritsa madzi a tiyi. Nyimbo ija inatuluka pamwamba penipeni, chithunzi chake chomwe chija cha pachikwama chimene ndinataya.

Sindinabwerere kumene kunali anthu. Ndinapita ku kanyumba kaja. Udzu wa padenga wayamba kuthothoka mbali ya kum'mawa, ndipo Esitere akuti mvula ikubwerayi akafolera ndi malata kuti azisungiramo fodya. Sindinamutsutse, ndilibe pakamwa potsutsira. Ziguduli zikadali kukhoma, zina zadyedwa ndi chiswe m'munsi. Galamafoni ili pakona, yophimbidwa ndi chitenje cha azakhali, ndipo mbale zotsala zaima choimirira m'bokosi lawo monga anazisiyira. Zitsa ziwiri zilipo, pa chimodzi nkhuku yayamba kuikirapo. Mpando anautengera kunyumba yaikulu kuti akhalire alendo, choncho pakati pa chipinda pangotsala zitsekerero zinayi m'dothi.

Sindinayerekeze kuima pakati pa zitsekererozo. Foni ndiyo ndinaiika pamenepo, ine n'kukhala pansi chapakhomo, n'kuyatsa chigawo chachiwiri. Mafuta aja anayamba kusokosera. Mavayolini anatsika, natsika, mpaka kutsala pang'ono kuzimiririka. Munthu uja anatsokomola kawiri, bwinobwino, pamalo pake. Panalibe chala m'mwamba, ndipo panalibe womuuza kuti amwe madzi.